Unkhoswe Wanga pa Mkangano wa Besibo

Mpaka lero ndikamva mawu akuti besibo, njala imandithera. Masewerawo sindinawaonerepo kuchokera poyambira mpaka pothera, koma anandilanda mpando umene ndinali nditaugwira kale ndi dzanja limodzi, ndipo nkhaniyi imandinyansabe ngati yachitika dzulo.

Kunali kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndikugwira ntchito ku Nairobi m'bungwe lina lothandiza anthu pa ngozi zogwa mwadzidzidzi. Ntchito yanga inali ya kontirakiti yongowonjezera chaka ndi chaka, moti Disembala aliyense ine ndi mayi a kunyumba tinkakhala mtima uli m'mwamba, osadziwa ngati ana abwereranso kusukulu yomweyo. Chaka chimenecho kunatseguka mpando wokhazikika wa woyang'anira zogulagula, ndipo aliyense muofesi ankati ndi wanga. Chinkangofunika n'chakuti mabwana awiri agwirizane pa dzina langa: a Walter, bwana wamkulu, ndi mayi Dolores, mkulu wa zachuma. Onse awiri anali a ku America.

Vuto linali lakuti awiriwa sankagwirizana, kapena ndinene kuti ine ndinkaona choncho. Lachisanu lililonse pa nkhomaliro ankakangana mpaka mitsempha kuonekera m'khosi. A Walter ankamenya tebulo, mayi Dolores n'kumawaloza ndi foloko. Nditatchera khutu ndinamva kuti kwawoko kuli nyumba ina yaulemu imene amapachikamo zithunzi za akatswiri a besibo opuma, ndipo palibe ulemu wina woposa kulowa m'menemo. Tsono panali oponya mpira awiri amene osankha anawaiwala panja. Wa a Walter anali wamanzere, munthu amene anaponya zaka zambirimbiri osatopa, koma osawala kwenikweni. Wa mayi Dolores ankamutcha Wamoto. Ameneyo anawala zaka zochepa, aliyense n'kumamuopa, kenako mkono unavulala n'kusiya. Aliyense ankati wake ndiye woyenera kulowa, winayo ayambe wadikira.

(Ndikuuzeni pano kuti kwathu ine ndine nkhoswe yodziwika. Maukwati amene ndinawapulumutsa ndi ambiri, ndipo ngakhale ku Nairobi komweko Amalawi akasemphana mawu kumpingo ankathamangira kwa ine.) Ndiye poona akuluakulu awiri akulozana ndi mafoloko pamaso pa antchito awo, mtima unandiwawa. Kwathu anthu aulemu wawo akafika pamenepo, ndiye kuti pansi pali china chachikulu, mpirawo ndi chophimbira chabe. Komanso ndinadzifunsa kuti anthu osamwerana madzi angagwirizane bwanji pa dzina langa.

Nditawauza mayi a kunyumba kuti ndikufuna kuwayanjanitsa, anandifunsa kuti:

"Bambo a Tadala, azungu amenewo akuitanani kuti mukawaweruze? Za besibo mukudziwapo chiyani inu?"

Ndinawayankha monyada kuti pa maukwati onse aja sindinafunikepo kudziwa kuphika kuti ndiweruze nkhani ya ndiwo zopserera.

Nkhoswe iliyonse imadziwa poyambira. Umapita kwa munthu aliyense payekha, n'kumulola akhuthule zakukhosi, iwe n'kumavomereza kuti mtima wake uzizire. Ndinayamba ndi a Walter. Ndinawauza kuti nkhani ya wamanzere uja imandikhudza, chifukwa munthu kugwira ntchito zaka zonsezo osamuthokoza si chilungamo. Bwana anadzuka, natseka chitseko, n'kundithira manambala okhala ndi timadontho pakati mpaka tiyi wanga kuzizira. Ine ndinkangoti zoona bwana, zoonadi. Mawa lake ndinagogoda kwa mayi Dolores n'kuwauza kuti Wamoto uja anamulakwira, pakuti kuvulala si mlandu. Mayiwo anandiphikira khofi wawo wobisa m'kabati, amene ngakhale alendo ochokera kulikulu sankamulawa. Aliyense mwa awiriwa anandiperekeza mpaka pakhomo akunena kuti muofesi monse ndine ndekha womvetsa zinthu. Ndinkayenda ngati mpando uja ndakhalapo kale.

Posakhalitsa a Walter anatiitana ine ndi mayi a kunyumba kuti Loweruka tikadye nyama yowotcha kunyumba kwawo ku Muthaiga. Anati kukakhala mayi Dolores ndi anzawo ena a ku America. Ndinaona kuti bwalo ladzikonza lokha. Pofuna kuwalemekeza eni masewera, ndinakwera minibasi, imene kumeneko amaitcha matatu, kupita kumsika wa ku Eastleigh kukafuna kapu ya besibo. Ndinazemba ngolo zokoka pamanja, kupondedwa, kukankhidwa, mpaka ndinapeza bambo wina atapachika makapu mulu.

"Timu gani, mzee?" anandifunsa m'chinenero chawo, kutanthauza kuti timu iti, achikulire.

Ndinamuuza kuti iliyonse, bola yooneka bwino. Ndinasankha yakuda, ya zilembo zolukana mokongola.

Loweruka ndinafika ku Muthaiga nditavala suti, tayi ndi kapu pamwamba (anzathuwo anali m'makabudula, koma imeneyo ndi nkhani ina). A Walter atandiona pageti, kumwetulira kunathera panjira. Mayi Dolores anagwira pachifuwa. Kapu ija inali ya timu imodzi yokha padziko lonse imene onse awiri ankadana nayo. Ndi imene inkamulanda zikho wamanzere, ndipo Wamoto anavulala mkono akusewera ndi yomweyo. Mwa makapu onse a mu Eastleigh, dzanja langa linakagwera pa imeneyo. Ndinaivula msangamsanga, mayi a kunyumba n'kuiponya m'chikwama mwawo.

Nyama inali yabwino, ndisaname. Koma mbale zisanachoke, mkangano unabuka. A Walter anati munthu amayesedwa ndi kutalika kwa ntchito yake. Mayi Dolores anati nyumba ija ndi ya akatswiri, si ya anthu amene anangokhalitsa. Ena analowererapo ndi mayina a oponya awoawo oiwalidwa, koma awiriwa anawakankhira pambali. Kenako a Walter anandiloza ndi fupa la nthiti.

"Mufunseni mnzanga uyu. Wachokera kutali, alibe mbali, koma waona yekha kuti wamanzere ndiye woyenera."

"Pepani Walter," anatero mayi Dolores, "ameneyu ali mbali yanga. Anabwera yekha muofesi mwanga kudzandiuza."

Maso onse anatembenukira kwa ine. Mayi a kunyumba anandiponda phazi pansi pa tebulo, kundiuza kuti ndingoulula. Munthu wanzeru akanaseka n'kunena kuti za besibo sazidziwa, nkhani ikanathera pomwepo. Koma ine ndinaona kuti nthawi ya nkhoswe yakwana. Ndinaimirira, kumanga batani la jekete, kutikita m'manja, n'kuyamba ndi kulonjera akuluakulu onse mmodzimmodzi.

Ndinalankhula bwino, zimenezo palibe angandilande. Ndinati oponya awiriwa ndi ana a nyumba imodzi. Ndinati wina anapatsidwa mphatso ya kupirira, wina ya ukali, ndipo zonse n'zochokera kwa Mulungu. Ndinafunsa ngati nyumba yaulemuyo ndi yopanikiza chotani kuti pasapezeke khoma lokhomapo misomali iwiri. Ndinapempha mabwana anga kuti ngati pali china chimene analakwirana kale, achinene poyera lero, agwirane chanza, ana a muofesife tipume. Pabwalo panangoti zii, moti ndinkamva mafuta akuthetheka pamakala.

Bata limenelo ine ndinaliyesa ulemu, ndipo ndinaganiza zothira kamchere kosonyeza kuti masewerawo ndimawatsata. Ndinati, "Nanga wamanzere uja, mmene ankaumenyera mpira ndi chibonga chake, ndani angaiwale?"

Bambo wina wa imvi, amene anali asanalankhulepo, anaika tambula pansi n'kundifunsa mwaulemu ngati ndikudziwa ntchito ya woponya. Apa m'pamene ndinaphunzira, pamaso pa anthu onsewo, kuti woponya amaponya ndi dzanja, ndipo wa chibonga ndi mdani wake. Ine masiku onsewo ndinkayesa kuti amaponya ndi chibongacho, ngati gofu. A Walter anawonjezera motsitsa mawu kuti wamanzere wawoyo akapatsidwa chibonga ankatchuka ndi kuphonya.

Mayi Dolores ndiwo anayamba kuseka, kuseka kogwetsa misozi. Atapezako mpweya anandifunsa kuti, "Kodi mumatiyanjanitsa? Ife sitinayambanepo. Takhala tikukangana nkhani imeneyi kuyambira tili achinyamata, tikugwira ntchito m'misasa ya othawa nkhondo. Ndi chimene chimatikumbutsa kwathu."

Tangoganizani. Anthu akuluakulu kumenya matebulo, kulozana ndi mafoloko, kusokoneza nkhomaliro ya anzawo chaka chathunthu, eti n'chikondi. Nanga munthu akanadziwa bwanji? Bwanji osaika chikwangwani? M'galimoto pobwerera mayi a kunyumba anangolankhula kamodzi, kundifunsa ngati kapu ija ndikuifunabe kapena aipereke kwa mlonda.

Lolemba anandiitana muofesi ya a Walter. Ndinawapeza onse awiri atakhala mbali imodzi ya tebulo, phewa ndi phewa, ogwirizana monga ndinkafunira. Mayi Dolores ndiwo analankhula. Anati amandikonda ndipo ntchito yanga ndi yabwino, koma woyang'anira zogulagula amakumana ndi amalonda tsiku ndi tsiku, aliyense akulumbira kuti matenti ake ndiye olimba.

"Pampando umenewo tikufuna munthu wotha kunena kuti ayi, kapena kuti sindikudziwa. Inu munauza aliyense wa ife zimene ankafuna kumva."

Ndinayesa kufotokoza kuti limenelo silinali bodza, ndi njira, ndipo kwathu yamanga mabanja ambiri. A Walter anavomereza kuti pa mabanja iyenera kukhala njira yabwino kwambiri. Kontirakiti anandiwonjezera chaka china, koma ananditumiza kukayang'anira nyumba yosungiramo katundu ku Industrial Area. Mpando uja unapita kwa mayi wina wa ku Kenya komweko, amene tsiku lina atafunsidwa za oponya awiri aja anayankha kuti sakuwadziwa ndipo sakufuna kuwadziwa.

Zaka zotsatira ndinazithera m'fumbi, pakati pa malole ndi mabulangete, Disembala aliyense mtima uli m'mwamba ngati kale. Mabwana anga anapitiriza kukangana Lachisanu lililonse mosangalala, ndipo mmene ndinkachoka ku Nairobi oponya onse awiri anali akadali panja. Mawu akuti sindikudziwa ndinawaphunzira, ngakhale amatulukabe movutikira. Koma poti tsopano ndinapuma ndipo palibe angandisamutsenso, ndinene poyera zimene ndinakanika kunena ku Muthaiga: woyenera kulowa m'nyumba ija ndi wamanzere. Chifukwa chake musandifunse, sindikuchidziwa.