Mowa Wanga wa Mango

Lolemba

Udzu m'munda wa chimanga wafika m'mawondo. Dima langa ndi Loweruka, ndinalengeza kalekale. Lero kuchitsime ndikumva kuti Edina, mwana wa amayi aang'ono, nayenso waitana anthu kukapalira kwake. Loweruka lomwelo!

Munthu wabwera dzulodzuloli kuchokera ku Limbe kumene mwamuna wake ankaphikira mzungu. Wabwera ndi nsapato, ambulera, ndi nzeru yothira chinanazi mumowa. Chinanazi! Mumowa! Amayi a m'mudzi muno sakukamba china. "Umanunkhira ngati sopo wa kwa mmwenye." Kodi sopo amamwa?

Ine ndinayamba kufulula muno mwa Mkhumba iye akadali ndi mamina. Chimera ndasinja, phala ndaphika. Anthu amapita kumene kuli mowa weniweni.

Lachiwiri

Ndikupita kwa Edina ngati wopempha mchere. Ali ndi kamphika koyesera. "Lawani, achemwali." Ndikulawa tsinya lili pamphumi.

Zimene ndapeza: wotsekemera ngati wa ana, wopyapyala, sukanda pakhosi, ndamwa zipanda ziwiri.

Ndi wokoma. Mawu amenewa atsale papepala pano.

Ndipo pamphasa pakhala ndani? Abambo a Joni! Amuna anga, amene anatsanzika kuti akukaona mbuzi kudambo. "Ndimangodutsa." Kudutsa ali khale, chipanda kumanja!

Lachitatu

Zinanazi zimachokera kutali, cha ku Muloza, ndipo kwathu kulibe njinga. Koma mango ali mbwee kuseri kwa nyumba. Edina wathira chipatso chimodzi, ine ndithira zitatu: mango dengu lodzaza, masuku, ndi papaya limene linagwa lokha. Zonse ndikufinyira mumbiya yaikulu. Manja achikasu mpaka m'zigongono.

Loweruka aone yekha makasu akulowera kwanga. Ndidzamupatsa moni mwaulemu.

Lachinayi

Mbiya ikulira ngati m'mimba mwa ng'ombe. Thovu likusefukira pansi. Alendo afika kale: ntchentche, njuchi, mavu. Pamwamba payandama ulusi wa mango ngati ndevu za tonde.

Abambo a Joni asuzumira pakhomo. "Mwafa chiyani m'menemu?"

Edina akudutsa pamsewu ndi ambulera, mvula kulibe, dzuwa kulibe. Kumbuyo mwamuna wake akukankha njinga, zinanazi zili tho m'dengu. Amamuthandiza ndi kusenda komwe, akutero anthu. Wanga ali pakhonde akukanda pamimba.

Lachisanu

Tsiku lokuntha. Ulusi watseka chokunthira chonse. Ndalawa pang'ono, mano achita dzanzi. Ndathira madzi. Ndathira nthochi kuti utsekemere. Tsopano ukununkha zinthu zinayi.

Masese ndataya kudzala. Nkhumba ya a Mulipa, oyandikana nawo nyumba, yadya onse, yagona chagada, ikuliza mkonono. Eni ake akuti ikafa tikakumana kubwalo.

Ndakakamiza abambo a Joni kumwa chipanda chimodzi. Ameza. "Ndi wamphamvu, mayi." Misozi ili chuchuchu.

Mphamvu ndi imene amuna amafuna. Ndikudzilimbitsa mtima.

Loweruka

Nkhumba yadzuka, ikuyenda chammbali.

Obwera kudima langa: agogo Namakhwa, amene samva, ndiye za Edina sizinawafike; abambo a Joni; ine.

Kutsidya kwa khwawa, kumunda kwa Edina, fumbi kobo, nyimbo, nthungululu. Ngakhale Asilamu a pamsika, anthu osalawa mowa, ali komweko. Wawaphikira thobwa, nalonso la chinanazi!

Agogo Namakhwa amwa chipanda chimodzi, apalira theka la mzere, aponya khasu, liwiro kutchire. Sanabwerenso. Abambo a Joni akuti mpini waguluka, akakonze. Posakhalitsa ndikumva mawu awo kutsidya, ndiwo akutsogolera nyimbo.

Ndikupalira ndekha, ndikulira, ndikutukwana udzu.

Dzuwa litapendeka ndikuona chigulu chikuwoloka khwawa, makasu paphewa, Edina patsogolo wasenza mtsuko wa mowa. "Kwathu tamaliza, achemwali. Tasunthani tikuthandizeni." Munda wanga wonse wayera lisanalowe. Ndi mowa wake! Wanga palibe wauvundukula. Aliyense akuti mwana uyu ndi wamtima wabwino.

Bola akanandiseka.

Lamulungu

Kutchalitchi amayi akundigwira dzanja mmodzimmodzi, ati ndili ndi mwayi kukhala ndi m'bale wotere. Ndikuti inde, inde, mpaka nsagwada zawawa.

Mowa ndakhuthulira m'dzenje, ndakwirira bwinobwino chifukwa cha ziweto za eni.

Kuthokoza sikuthawika. Ndagwira tambala wanga wofiira, ndapita naye. Edina walandira ndi manja awiri, wagwada ndi kugwada komwe, palibe pomupezera chifukwa.

"Mango mukanayamba mwawawiritsa, achemwali. Mubwere ndidzakuonetseni."

Ndayankha kuti ndine wotanganidwa.

Akuti ndipite Lachiwiri m'mawa. Mpeni wosendera mango ndidzatenge wanga.