Mphuno ya a Shabdai ndi buku la ku Venisi

A Shabdai a mumsewu wathu ku Kochini sankawerenga buku asanalinunkhize. Ukawapatsa buku la Chiheberi ankatsinzina, kulitsegula pakati, n'kulowetsamo mphuno yonse, ndipo mphunoyo sinali yamasewera. Akatero ankalengeza kwawo kwa bukulo ngati akutchula mudzi wa mkamwini.

"Wa ku Amsterdam uyu. Mwana wadzana, zaka mazana awiri basi."

Ankati mabuku oyamba kusindikizidwa ku Venisi, mzinda wa ku Italiya, ali ndi fungo lawolawo, la mwaye ndi mchere wa m'nyanja. Enafe tinkangomva chuku.

Akazi awo, mayi Sipora, anavutika nawo. Tsiku lina anabwera kuchokera kumsika n'kupeza nyumba yonse ili utsi tolotolo, a Shabdai ali phee ndi buku kumaso.

"Bambo inu, nsomba yapserera muli pompano, simunamve?"

"Nsomba ya lero lomweli, mayi? Mphuno yanga imayambira zaka zana kubwerera m'mbuyo."

Mvula ya Juni itaboola denga, ambulera yokhayo ya m'nyumbamo anaifunditsa mabuku. Mayi Sipora anadya mpunga wawo madzi akuwadonthera pamutu, akutukwana osindikiza onse a ku Ulaya mmodzimmodzi.

Koma nkhani imene imandichititsabe manyazi ndi iyi. Ine Mordekai ndinali wosamalira sunagoge. Kwathu buku loyera likatha sitilitaya, timakaliika kumanda ngati munthu. Chaka china ndinasesa chipinda cham'mwamba n'kudzaza matumba atatu ndi mabuku akutha. Munali lina lopanda chikuto, tsamba loyamba kulibe, njenjete zitalidya mpaka kumaonekera kuseri. Ndinalipsompsona monga mwa mwambo, n'kuliponya m'thumba.

Kumanda a Nehemiya, otsogolera mapemphero, anali atayamba kale kuimba pamene thumba lachitatu linaphulika msoko m'dzenjemo. Ndinaona mphuno ya a Shabdai ikugwedera.

"Imani!"

"A Shabdai, tili pakati pa pemphero."

"Mukukwirira wamoyo inu!"

Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri, zovala zoyera mbee, anangoti m'dzenje jowo! Tinamva kufwenthera, mapepala akuwayawaya, kenako mawu akunjenjemera:

"Venisi! Kusindikiza koyamba! Ndani anaika mkuluyu m'thumba?"

Anthu onse anatembenukira kwa ine. Ndinayesa kudziteteza.

"Achimwene, lilibe ngakhale chikuto."

"Nawenso ulibe tsitsi, mphwanga, takukwirira?"

A Nehemiya anati mphuno si umboni. A Shabdai anakweza tsamba limodzi kuloza dzuwa, ndipo tonse, titaunjikana m'mphepete mwa dzenje, tinaona kachizindikiro ka nangula kobisika m'kati mwa pepala, ka opanga mapepala a ku Venisi.

"Anzake anawawotcha pabwalo ku Italiya," anatero, misozi ili m'maso. "Ili linathawa moto, lawoloka nyanja ziwiri, ndiye lidzafere m'manja mwa Mordekai ndi tsache lake?"

Kuwatulutsa ndiye kunavuta. Anakana kupereka dzanja poti manja onse awiri anali atafungatira buku. Tinawakoka ndi lamba, amuna anayi, iwo akukuwa kuti tisamale msana. Ankanena msana wa bukulo.

Kuyambira pamenepo ankalisamala ngati wodwala. Ankaliyanika pamthunzi, kuliikira masamba a nimu, ndipo analikulunga m'nsalu ya ukwati ya mayi Sipora. Mayiwo anakalipa sabata yathunthu, kenako ndinawapeza akusoka okha m'mphepete mwa nsaluyo kuti ikwane bwino.

A Shabdai anamwalira chaka chimene mabanja ambiri ankakwera sitima kupita ku Israeli. Pokonza maliro, a Nehemiya anakumbutsa kuti munthu wophunzira amaikidwa pamodzi ndi buku lokalamba, ndipo ulemu woposa pamenepo kulibe. Anati la ku Venisi lija lipite ndi mwini wake. Tonse tinavomera, poti zinkamveka zokoma.

Mayi Sipora anadzuka pamphasa pomwe ankalira.

"A Nehemiya, munthu uja analumphira m'manda kukalitulutsa. Mukufuna alumphenso kulibweza? Musiyeni mwamuna wanga apume."

Tinaseka pamaliro, kuseka kosakaniza ndi misozi, ndipo bukulo linatsala.

Lero msewu wathu uli zii. Ambiri anapita, ndipo buku likabwera palibe amene amalifunsa kwawo. La ku Venisi lili m'kabati ya sunagoge, m'nsalu yake ija, ndipo wolisamala ndine, yemwe ndinafuna kulikwirira. Ndimawasowa kwambiri achimwene aja. Lachisanu lililonse ndikatha kusesa ndimalitsegula pakati, kutsinzina, n'kulowetsamo mphuno. Venisi sindinamumvepo ngakhale kamodzi. Ndimangomva fodya wa a Shabdai.