Kazitape Wovala Chitenje cha Mkazi Wake

Mpaka lero njira ya ku Samanga ndimaidutsa nditawerama ngati ndataya singano. Mkazi wanga akuti ndingoulula zonse, mwina manyazi angachepe. Sindikukhulupirira, koma imvani.

Ine ndimakonda mafilimu a akazitape, makamaka oseketsa aja. Mukuwadziwa: munthu wa suti ndi magalasi akuda akulondola mnzake mumzinda, abisala kuseri kwa nyuzipepala, kenako avala diresi ndi wigi n'kudutsa pamaso pa adani osamuzindikira. Agwa kuchokera padenga, galimoto iphulika, iye n'kudzuka n'kuwongola tayi. Ndimaonera pafoni m'shopu ya zitsulo imene ndimagulitsamo ku Ruda, makasitomala akasowa (ndipo amasowa kawirikawiri). Ndinaonera ambiri moti ndinayamba kudziona ngati ntchitoyo ndinaiphunzira.

Lachiwiri lina amayi anandiitanitsa. Ndinawapeza pakhonde, maso ali psuu.

"Bambo ako ali ndi mkazi wina."

Ndinaseka. Bambo ndi nkhalamba, mkulu wa mpingo, munthu amene anathyola tiyi mpaka msana unapindika. Mkazi wina amupeza nthawi yanji?

"Seka," anatero amayi. "Lachinayi lililonse akuchoka m'mawa, jekete atavala, kachikwama m'manja. Sopo wanga wonunkhira akutha, mafuta odzola akutha, shuga akutha. Ndikafunsa akuti akupita kukaona anthu. Anthu ake ati odya sopo? Lamlungu ndikatuluka m'tchalitchi ndikulongedza, ndikupita kwa achimwene ku Mandeya. Andichite chipongwe ndili ndi imvi?"

Apa anayamba kulira, ndipo ndinasiya kuseka. Amayi sayankhula kawiri. Akati apita, ndiye kuti banja lathu latha.

Munthu wanzeru akanapita kukafunsa bambo. Koma bambo wako umuyamba bwanji pa nkhani yotere? Ndiponso, ndisaname, kamtima kena kanadumpha. Ntchito ija ndinkaiyembekezera inali itafika.

"Amayi, ndipatseni Lachinayi limodzi. Nkhaniyi isiyeni m'manja mwanga." (Ndinanena ndi mawu okhuthala, ndikuyang'ana kumapiri.)

Vuto linali lakuti njira ya bambo imadutsa pakati pa esiteti, ndipo tiyi amalekeza m'chiuno. Palibe ngodya ya nyumba, palibe galimoto yobisalako. Ndinaganiza usana wonse: ndani amene sayang'anidwa kawiri m'munda wa tiyi? Mayi wothyola tiyi. Ndinatenga chitenje ndi duku za mkazi wanga osamuuza, ndinabwereka dengu lakumsana, ndinameta ndevu mpaka chibwano kuwawa. Pamwamba pake ndinawonjezera magalasi akuda. Ndikudziwa, palibe anathyolapo tiyi atavala magalasi akuda chiyambire dziko, koma kazitape wopanda magalasi ndi kazitape wanji? Kuphazi ndinavala majombo anga omwe, chifukwa nsapato za mkazi wanga zinangolowa zala.

Lachinayi bambo ananyamuka dzuwa litangokwera pang'ono. Ine pambuyo.

Chinthu choyamba chimene mafilimu sakuuza n'chakuti m'mizinda yawo anthu sapatsana moni. Kuno ku Honde sungadutse munthu chamutu. Ndisanayende n'komwe patali, mayi wosenza nthochi anaima n'kundipatsa moni wam'mawa m'chiyankhulo cha kuno.

"Mangwanani, mai. Mwamuka here?"

Ndinayankha ndi kamawu kang'ono ngati nkhuku ya chitopa. Anandiyang'ana magalasi, anandiyang'ana majombo, n'kupitiriza ulendo akutembenuka. Ine ndinati ndapambana mayeso oyamba.

Chachiwiri, bambo ali ndi bondo lovuta, amaima pafupipafupi. Akaima, ine ndinkalumphira m'mizere ya tiyi n'kumadzionetsa ngati ndikuthyola. Ulendo wachitatu ndinamva mluzu. Anali kapitawo.

"Mai imi! Mukuthyola tiyi kapena mukutola nkhuni? Masamba awiri ndi nsonga, basi! Nthambi zonsezi mukazipereka kwa ndani?"

Ine, mwana wa wothyola tiyi, ndinali nditadzaza dengu ndi mitengo. Ndinagwedeza mutu mwaulemu, ndipo atangotembenuka ndinathawa chowerama, chitenje chikundikola m'miyendo.

Zonsezo zinali zazing'ono. Pafupi ndi kamlatho njira imapanikiza, ndipo uko kunkabwera gulu la amayi, madengu kumsana. Patsogolo penipeni panali apongozi anga, mayi wobereka mkazi wanga.

Mkamwini akaona apongozi, thupi silifunsa mutu. Ndisanaganize kalikonse ndinali nditapatuka m'njira, ndanyonyomala, ndikuwomba m'manja. Tsono kuno akazi amawomba manja atawapingasa, pamene amuna timawomba manja atawongoka, zala zikuloza kutsogolo. Mwana aliyense amadziwa zimenezi. Ine ndinawomba mwachimuna, mokweza, mwaluso lonse limene ndinaphunzira tsiku lokapereka malowolo.



Apongozi anayang'ana manja anga. Kenako anayang'ana chitenje.

"Chitenje ichi ndinagulira mwana wanga," anatero pang'onopang'ono. "Mukwasha, ndimwe here?" (Ndiko kuti: mkamwini, ndinu kodi?)

"Ndine, amayi." (Choipa n'chakuti ndinayankha ndi kamawu ka nkhuku kaja.)

Amayi a madengu aja anagwa ndi phwete, wina mpaka anatula dengu n'kukhala pansi. Apongozi okha sanaseke. Anatembenuza nkhope kumbali monga mwa ulemu, n'kufunsa mwachifundo chenicheni: "Kunyumba kuli bwino, bambo? Mathalauza atha?"

Sindikukumbukira chimene ndinayankha. Ndikukumbukira kuthamanga.

Bambo ndinawaona akukhotera ku komboni yakale, kumene nyumba zambiri zinasanduka mabwinja. Analowa m'kanyumba ka chipinda chimodzi n'kutseka chitseko. Ndinanyang'ama mpaka kukhoma. Ndinamva madzi akukhuthulidwa m'beseni, kenako mawu a bambo, ofewa, mawu amene ine sindinawamvepo kunyumba.

"Madziwa sakuwotcha? Tembenukani pang'ono, ndikusuleni kumsana."

Ndinaganiza za amayi akulongedza mapoto awo. Ndinakwiya, ndinamva chisoni, koma kazitape amafuna umboni. Zenera linali pamwamba, choncho ndinavundikira dengu n'kukwerapo. M'mafilimu munthu amalendewera padenga ndi dzanja limodzi. Dengu la tiyi silinapangidwire mwamuna wa majombo. Linaphwanyika, ine n'kugwa chagada m'matope a madzi osamba, miyendo m'mwamba, duku kumaso.

Chitseko chinatseguka. Bambo anaima, malaya atapinda m'mikono, thaulo paphewa. Anandiyang'ana kuyambira kuduku mpaka kumajombo.

"Ndinakumva kuchokera kumsewu," anatero. "Palibe mkazi amayenda ngati thirakitala. Dzuka, lowa, udzandigwirire mapewa awa."

M'katimo, pampando, munali a Makwinja. Tili ana tinkawaopa, chifukwa ndiwo ankaimba ng'oma ya gule wamkulu pakomboni. Ndinkaganiza kuti anamwalira kale. Anali atafa ziwalo mbali imodzi, owonda, opanda mkazi, opanda mwana, abale awo onse anatsala ku Mulanje. Sopo wa amayi anali pambali pa beseni.

Anandiyang'ana ndi diso limodzi, chitenje changa chikudontha matope, n'kufunsa ndi pakamwa pokhota: "Chilombo ichi n'cha dambwe liti?"

Bambo anaseka mpaka kugwira khoma. Ine ndinagwira mapewa aja. Anali opepuka moti ndinachita mantha.

"Bambo, bwanji osawauza amayi?" ndinafunsa tikuwadzoza mafuta. "Akuti Lamlungu akupita ku Mandeya."

Bambo anati: "Mkulu wa mpingo kulowa m'nyumba ya munthu wa gule, iwe ukudziwa pakamwa pa anthu. Amako ndi wapampando wa amayi kutchalitchi, ndinkaopa kuwaika pamoto. Koma agogo ako atamwalira kuno kuchilendo, tilibe mbale ndi mmodzi yemwe, amene anasambitsa mtembo ndi munthu uyu. Ndiye afe ndi litsiro ine ndikuona?"

Madzulo ndinakafotokoza zonse kwa amayi. (Za chitenje sindinafunike kufotokoza, zinali zitafika kale.) Anakwiya, koma mkwiyo wina.

"Munthu wodwala mukumupatsa shuga yekha? Phala amuphikira ndani?"

Lachinayi lotsatira anavala yunifolomu yawo ya mpingo, anasenza poto wa phala, n'kudutsa pakati pa esiteti aliyense akuona. Onena ananena. Ku Mandeya sanapite.

Patapita masiku ndinawafunsa bambo kuti, popeza anandizindikira kumsewu, analekeranji kundibweza ndisanachite manyazi pamaso pa apongozi.

Anayang'ana pansi, akusisita bondo lawo lija.

"Ndinkafuna wina aone," anatero. "Ndinatopa kumunyamula ndekha."

Mafilimu ndimaonerabe, sindinasiye. Koma Lachinayi shopu ndimatsegula mochedwa, chifukwa madzi a a Makwinja amatunga ndine.