Bokosi Langa Lodula Akuluakulu Mawu

A Mhango a ku Area 25 anabwera kudzafuna lamba wa fani ya galimoto lawo lakale, ndipo amene akukayika zimene ndinene pano akwere minibasi mpaka ku Biwi akafunse amakaniko, ngakhale kuti iwowo ndi abodza kuposa ine. Anthu amati Tadala salankhula. Lero mundimva.

Ndine amene ndinapanga bokosi lofufuzira pa webusayiti ya sitolo ya masipeya ya a Jafali, ine wa Fomu 4, nditaphunzira pa foni yosweka galasi. A Jafali anandipatsa sabata imodzi. Anati likagwira ntchito Lachisanu ndikhala pa kompyuta, likakanika ndibwerera ku tsache ndi ketulo, ntchitoyo apatsa mphwawo wa ku Area 18 amene ali ndi madigiri.

Bokosi langa silinkadikira kuti munthu amalize kulemba. Ukangodina ma, latulutsa kale mabuleki, matayala, mapulagi ndi mabatire, ukawonjezera ta, matayala enieniwo akutsika okha pashelefu n'kugubuduka kukandanda pakhomo, aang'ono kutsogolo aakulu kumbuyo. Mukumva? Dalaivala wina analemba mabu ali pamtsetse wa ku Kawale, minibasi yake imene inali isanaimepo bwino chiyambire chaka inaima pomwepo, anthu onse m'katimo n'kuyamba nyimbo yothokoza. Bambo wina wa ku Area 23 chala chinamuterereka n'kudina mk, bokosi linamuuza kuti mkazi wanu ali ku Chinsapo kwa mkulu wake, pitani ndi shuga ndipo akakamalankhula musakayankhe. Pofika Lachitatu linali litathamanga moti linkayankha munthu akadali kubafa kwawo, sipeya n'kufika pakhomo galimoto lisanawonongeke.

Lachitatu lomwelo ndi pamene anabwera a Mhango, mphunzitsi wopuma ntchito, jekete lake lositidwa bwino. A Jafali anali atalamula kuti kasitomala aliyense aziyesa yekha pa kompyuta ya pakauntala. A Mhango anavula chipewa, anakhala pansi, n'kuyamba kulemba ndi chala chimodzi kuti Muli bwanji. Asanafike n'komwe pa bwanji, bokosi linali litayankha kale: Palibe.

Amakaniko amene amakhalira pakhomo pathu anaseka mpaka wina anagwera m'beseni la oilo. Ndinaona dzanja la a Mhango likubwerera pang'onopang'ono ku chipewa chawo. Ine amene chibadwire sindinadulepo munthu wamkulu mawu, ndinali nditapanga chinthu chodula akuluakulu mawu.

“Abambo, inu mwalemba bwino,” ndinatero, mawu akutuluka ngati a udzudzu. “Lopanda mwambo ndi bokosili.”

Lambayo ndinakawatengera ndekha kushelefu.

Lachinayi ndinalikhazika pansi bokosilo n'kulilangiza. Ndinaliuza kuti munthu akapereka moni uziyankha moni, ndiponso kuti kwathu kuno wolemba buleki ndi wolemba bureki akufuna chinthu chimodzi, usamawasankhe. Linamva, ndipo linamvetsa mopitirira. Linayamba kufunsa za kunyumba, za ana, za mvula kumudzi, wa ku Mzimba linkamuyankha m'Chitumbuka, wa ku Mangochi m'Chiyao, wochokera kumaliro linkamupepesa n'kukhala naye chete mphindi zingapo, ndipo munthu wa imvi akalowa kompyuta inkatsika yokha pakauntala n'kugwada, mawaya akukokeka. Mukumva? Mzere wa anthu unafika pamlatho wa mtsinje wa Lilongwe, ambiri mwa iwo alibe ngakhale njinga, angobwera kuti wina awafunse mmene adzukira. Amayi ena a ku Area 47 anapempha kulibwereka Loweruka kuti likaphunzitse ana awo kupereka moni.

Lachisanu linafika. A Jafali anaima kumbuyo kwanga atapinda manja, mphwawo uja ali pambali ndi chikwama chake cha laputopu chotsegula kale zipi. Kasitomala woyamba kulowa anali a Mhango, akufuna pulagi.

Apa ndiyambe ndatsitsa mawu.

Anavula chipewa n'kulemba moni wawo, bokosi linayankha kuti Ndili bwino, kaya inu? Kenako analemba pulagi. Bokosi silinatulutse kanthu. Kachizindikiro kodikiritsa kanangoyamba kuzungulira, kuzungulira, chifukwa polilangiza dzulo lake ndinali nditasokoneza mzere wina wa malamulo ake a m'kompyuta osadziwa. Mphwa uja anatsokomola. Ine ndinayang'ana pakona pamene pamakhala tsache.

A Mhango anayang'ana kompyuta, anandiyang'ana ine, kenako anatembenukira kwa a Jafali.

“Che Jafali, magalasi ndaiwala kunyumba, ndikungodina zilizonse ine,” anatero, chala chawo chikufufuta mawu aja chilembo chimodzichimodzi. “Koma moni layankha. Kubanki sanandiyankhepo chonchi. Amene analilera musamutaye.”

A Jafali anaseka, anauza mphwawo kuti atseke chikwama akamwe tiyi. Pulagi ndinakawatengera kushelefu, ndipo mzere wosokonekerawo ndinaukonza masana omwewo. Mpaka lero ndili pa kompyuta.

Za matayala ogubuduka mukhoza kuchotsako, za kompyuta yogwada nazonso, ndipo mkazi wa bambo wa ku Area 23 sindikudziwa kumene ali. Koma mawu akuti pulagi anali atalembedwa bwinobwino, ndinawawerenga ndi maso angawa asanawafufute. Ndinawaperekeza a Mhango ndi maso mpaka pagalimoto lawo. Anapisa m'thumba la jekete, anatulutsa magalasi, anawapukuta ndi mpango, anavala, n'kuliza galimoto.