Chilembo chonga magolo a mpila

A Mwanza a ku Nyimba, kupitilila Chipata ndi Petauke, akayamba kusimba nkhani imeneyi pa malilo kapena pa ukwati, ine ndimanyamuka ngati ndaitanidwa panja. Lelo ndiisimbe ndekha, mwina iphweko.

Nthawi ija ya chipani chimodzi, boma linatumiza ife alangizi a zaulimi ku China kukaona ulimi wa mpunga. Tsiku lotsanzikana anatikonzela phwando ku Beijing, ndipo wothokoza m'malo mwa gulu lonse anasankha ine (mau ndinali nditawaloweza, ndi poima kuti anthu aombe m'manja pomwe).

Masana a tsikulo ine ndi a Mwanza tinatsalila m'tauni kugula nsalu za azimai athu. Wotimasulila anatilozela pa mapu siteshoni yotsikila sitima ya pansi pa nthaka, nafuna kutilembela dzina lake.

“Musavutike,” ndinatelo. “Ndaona kale. Dzina lake likuthela ndi chilembo chonga magolo a mpila.”

Tinatsika masitepe ngati mbewa zolowa kuuna. Sitima inabwela yoyela, yosafuka utsi, zitseko zotseguka zokha. Itangoima koyamba, ndinaona magolo aja pakhoma.

“Tafika, a Mwanza, tsikani!”

Tinakwela kumtunda: njinga zokhazokha, hotela kulibe. Tinabwelela pansi. Siteshoni yotsatila, magolo. Tinatsikanso. Inzake, magolonso.

“A Tembo,” anatelo a Mwanza, thukuta lili kamukamu, mtolo wa nsalu uli paphewa, “kodi anthu a kuno amangochaya bola basi?”

Ndinawauza kuti tikhale phee mpaka kumapeto kwa njanji, kumeneko tikafunse. Basi ya ku Lusaka imafika pothela, sitimanso iyenela kutelo. Tinakhala. Anthu analowa, anatuluka, ife tili chikhalile. Kenaka sitima itaimanso, a Mwanza anandigwila bondo, naloza pazenela.

“Amai akusesa awo tinawaona poyamba paja.”

“Amafanana chabe.”

“Ndi tsache lomwe?”

Njanjiyo inali yozungulila ngati mkombelo wa nkhokwe (ndipo ine ndinali wokonzeka kuifunila mapeto mpaka mawa lake).

Anatipulumutsa ndi bambo wina wokalamba amene anakhala moyang'anana nafe. Chinenelo sitinamvane, koma a Mwanza anachita ngati akudya ndi timitengo, naomba m'manja, natchula dzina la hotela molipotoza. Bamboyo anaseka mpaka kutsokomola, natitsitsa yekha pa siteshoni yoyenela, natipelekeza mpaka pakhomo.

Tinapeza mau othokoza atanena kale mtsogoleli wathu, amene anandiyang'ana ngati ng'ombe yolowa m'dimba la eni. Koma bakha wootcha anatisungila, ndipo sindinadyepo wokoma chotelo.

Wotimasulila atamva zonse anapukuta misozi ya kuseka. “Chilembo chimenecho chimatanthauza chipata. Kale mzinda uno unali ndi linga, ndipo masiteshoni ambili a njanjiyo ali pamene panali zipata zake.”

A Mwanza anaika fupa pambale mwaulemu.

“Ndiye kuti tapita pa Chipata kambilimbili,” anatelo, “koma Petauke osafika.”

Phunzilo lake ndikulidziwa: munthu uzifunsa njila. Amai a kunyumba amandikumbutsa kawilikawili. Ndimavomela ndithu, kenaka ndimatsogola.