Sikelo Yanga Pabwalo la Ndege

Munthu amene anandilakwira ndi alamu anga, abusa, amuna awo a asisi. Sanandimenye, sananditukwane. Anavomera kutumidwa ndi mpingo kukatumikira ku South Sudan zaka zinayi, n'kutenga asisi anga ndi ana awo awiri, ndipo ine nkhaniyi ndinaimvera m'tchalitchi pa zolengeza, pakati pa ukwati wa mwana wa a Banda ndi tsiku lolambula kumanda. Ndinadzuka pomwepo n'kumenyetsa chitseko. (Mpaka lero sichitsekeka bwino. Amene mumapemphera kumeneko mukamamva kamphepo m'khosi, ndine.)

Mumvetse kaye. Mayi anamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo amene anandilera ndi asisi. Sukulu ndinalekera Sitandade 6 nditayankhana ndi aphunzitsi mawu amene sindingalembe pano. Kuyambira pamenepo, paliponse pamene pakamwa panga pawononga, asisi ndiwo ankamanga chitenje n'kupita kukapepesa: kwa aphunzitsiwo, kwa anzanga a pabawo, kwa wakabaza wina amene ndinamuphwetsera matayala onse awiri. Ndiye munthu angobwera ndi kolala yake yoyera n'kunyamula wondipepesera, osandiuza n'komwe?

Ndinakonza mawu oti ndidzawalankhule alamuwo maso ndi maso. Miyezi itatu ndinkawayeserera m'chigafa, ndikusoka fodya, masamba akundimvera. Anali mawu olemera, okhala ndi mwambi pakati. Ndinkangodikira tsiku.

Koma tsikulo linkangothawa, chifukwa ulendo wa pandege umayamba kuvuta munthu akadali pansi. Mapasipoti a ana anatenga maulendo atatu a ku Lilongwe. Kenako katemera, aliyense ndi kakhadi kake kachikasu, ana akulira mikono. Kenako chilolezo cholowera m'dzikolo, chimene chinabwera dzina la asisi litasowa chilembo chimodzi, n'kuyambiranso. Alamu ankangoti, “Ambuye akudziwa,” ine mtima n'kumawira. Munthu wosakwiya amandikwiyitsa kuposa wonditukwana.

Pomaliza panabwera pepala la katundu. Munthu aliyense zikwama ziwiri, chikwama chilichonse chisapitirire makilo 23. Asisi anakhala pansi pakati pa mabulangete, mapoto ndi zitenje, manja ali m'mutu.

“Moyo wa zaka zinayi ulowa bwanji m'zikwama zisanu ndi zitatu?”

“Asisi, za masikelo zisiyireni ine,” ndinatero.

Ndinali ndi chifukwa chodzitamira. Fodya akatha, ine ndimakhala pansi pa mtengo pa Chamama ndi sikelo yopachika, kugulira bwana wina soya ndi mtedza. A Yusufu, a golosale yoyang'anizana ndi mtengowo, atamva za ulendowu anandiitana.

“Tengani yangayi mukayezere katundu wa abusa. Iyi imanena zoona.”

“Ndiye yanga imanena chiyani?”

A Yusufu anangondiyang'ana, n'kupitiriza kupimira mayi wina shuga. Ine ndinachoka ndikulalata, ndipo mlungu wonsewo sopo ndinkakagula kutali.

Vuto loyamba linali malo. Zovala zinkakana kulowa. Tsiku limene asisi anapita kukatsanzikana ndi amayi a mpingo, nzeru inandibwerera. Kodi si ife timalowetsa fodya wodzaza ngolo m'belo limodzi? Ndinasenza mabulangete, zitenje, majuzi a ana ndi majekete a alamu, ulendo ku jeke yodindira fodya. Ndinayala chiguduli pansi, kulongedza bwinobwino, n'kuyamba kupotokola. Zinatuluka zili gwa ngati njerwa. Ndinazilowetsa m'zikwama, kukhalapo, kukoka zipi, basi. Mulu wonse uja unatha, malo n'kutsalako.

Malo otsalawo ndinali nawo ntchito. Asisi ndiwo zamasamba zopanda nsinjiro sadya, amangozitembenuza m'mbale. Ndinali nditasenda mtedza wa chalimbana wa m'munda mwanga, ndi manja, mpaka zala kutuluka matuza, n'kusankhamo wonenepa wokhawokha. Ndinausokera m'kathumba n'kuuika pansi penipeni pa chikwama chawo. Sindinawauze. Ine zonena mawu okoma sindizitha.

Kenako ndinapachika sikelo pa mtengo wa mango, n'kuyeza chimodzichimodzi. Chilichonse 23 ndendende. Mwana wawo wamkulu, Tadala, wa zaka zisanu ndi chimodzi, anakakamira kuti naye ayezedwe, ndiye ndinamulowetsa m'thumba n'kumupachika, iye akufa ndi phwete. Asisi pobwera anapeza pabalaza pali mbee.

“Iwe, zonse zija zalowa?”

“Sukulu si ya m'kalasi yokha, asisi.”

Tsiku la ulendo tinanyamuka m'mawa pa kapikapu kobwereka, kudutsa pa Boma, n'kulowa msewu wa ku Lilongwe. Ine ndinakhala kumbuyo ndi zikwama, ndikubwereza mawu anga aja. Ndinakonza zoti ndiwalankhule pomaliza penipeni, alamu asapeze mpata woyankha.

Pabwalo la ndege anandilola kulowa chifukwa ndinkakankha kangolo ka katundu. Pa kauntala panali mayi wina wovala yunifolomu, wolankhula motsitsa. Ndinakweza chikwama choyamba pa sikelo yawo, ndikuyang'ana kumbali ngati munthu wodziwa kale yankho.

“Ichi ndi 27, bambo,” anauza alamu.

Chachiwiri, 27. Chachitatu, 28.

Apa ndiye magazi anandikwera. Mlimi wa fodya aliyense amadziwa kupweteka kwa belo lopepuka pa sikelo ya eni ake, ndiye ndinaona ngati ndagwira wakuba dzuwa likuswa mtengo.

“Mayi, sikelo yanuyi ndi yakuba! Ine ndimagwira sikelo chaka ndi chaka, simungandinamize!”

“Achimwene, ndinu apaulendo?”

“Ayi.”

“Ndiye taimani apo pang'ono.”

“Sindiima! Tiyese ndi chinthu chodziwika kulemera kwake, anthu onsewa aone!”

Anthu a pamzere anali atayamba kutulutsa mafoni. Asisi ankandikoka malaya. Ndinakumbukira kuti Tadala anamuyeza kuchipatala pa katemera uja, ndipo asisi ananena kuti ndi makilo 21. Ndinamunyamula mwanayo n'kumuimika pamene amaika zikwama.

“Amalume, inenso ndikwera kumunsi ndi katundu?”

Manambala anathamangathamanga n'kuima. 21.

Tadala anawerenga yekha, poti ndi wanzeru ngati mayi ake, n'kufuula mosangalala kuti holo yonse imve: “Ndanenepa! Pa sikelo ya amalume ndinali 18!”

Abale anga, pali chete wina amene amamveka m'mafupa. Ndi pamene ndinakumbukira. Zaka ziwiri zapitazo, ine ndi bwana wanga uja tinaitsegula sikelo ija n'kuilimbitsa pang'ono m'kati, kuti thumba la mlimi lizioneka lopepukirapo. Ndinaizolowera mpaka kuiwala. Bodza ukakhala nalo nthawi yaitali umayamba kulipatsa moni ngati m'bale. (Inde, ndikudziwa kuti ena amene mukuwerenga munandigulitsapo soya. Tikambirana.)

Asisi anafunsa motsitsa, “Iwe, sikelo ija ndi yomwe umagulira mbewu kwa anthu?”

Ndinayang'ana alamu. Theka la mpingo wawo limagulitsa mbewu kwa ine. Iwo anangovula magalasi n'kuyamba kuwapukuta.

Mayi wa pa kauntala anatithandiza kutuluka m'chetemo. Anati tisankhe, kulipira makilo oonjezerawo kapena kuchotsa katundu, ndipo atseka pakatha mphindi makumi anayi. Atatchula mtengo wake, alamu anavalanso magalasi n'kunena kuti tichotsa.

Tinakokera zikwama pakona. Asisi anakoka zipi ya choyamba, ndipo ntchito ya jeke inaonekera. Mabulangete anayamba kudzuka okha, pang'onopang'ono, kufufuma ngati mandasi m'mafuta, mpaka kusefukira pansi. Pambuyo pake panatuluka fungo. Masiku anayi zovala zili zotsekeredwa ndi fungo la chiguduli ndi jeke. Pakona ponsepo panasanduka chigafa.

Mlonda wina anabwera akununkhiza m'mwamba.

“Akuluakulu, fodya wanyamula ndani?”

“Palibe, bwana,” anatero alamu, atanyamula chovala chakuda chokhala ndi mizere ya chiguduli pamsana. “Ili ndi jekete langa la pa Mgonero.”

Mlondayo anayang'ana kolala, anayang'ana jekete, n'kuchoka akupukusa mutu ngati munthu amene waona kumene dziko lafika.

Tinayamba kuchotsa. Mabulangete onse anatsala, poti ngakhale tikanafuna sakanabwereramo. Mapoto awiri, mbale zadothi, nsapato za ana zokulira nazo. Kamwana kakang'ono kankalira kumsana kwa asisi. Ine ndinkathamanga ndi chikwama chilichonse kukayeza pa sikelo yomwe ija ndinaitcha yakuba, mayi aja n'kumandiwerengera nambala mwaulemu umene unkandiwawa kuposa mbama. Titatsala ndi mphindi khumi ndi zisanu, tinali tidakali ndi makilo asanu ndi atatu oti achoke.

Ndi pamene dzanja la asisi linafika pansi pa chikwama chawo. Anatulutsa kathumba kaja, kukafinya, n'kumva kulira kwa mtedza. Anayang'ana kasokedwe kake kokhotakhota, kenako anayang'ana zala zanga.

“Wasenda wekha?”

“Ndi mtedza chabe, asisi. Usiyeni. Ndi umene ukulemera.”

Asisi anakaika pa mulu wa zotsala, pamwamba pa mabulangete, koma dzanja silinkachokapo.

Alamu anagwada, kutsegula chikwama chawo, n'kuyamba kutulutsa mabuku. Awa ndi mabuku aakuluakulu amene anabwera nawo kuchokera ku sukulu ya ubusa, okutidwa ndi mapepala a khaki, amene ngakhale Tadala amadziwa kuti sakhudzidwa ndi manja a mango. Anatulutsa asanu, n'kundisanjikizira m'manja ngati njerwa. Kenako anatenga kathumba ka mtedza n'kukaika m'malo mwake.

“Abambo a Tadala, nanga mukalalikira chiyani?” anatero asisi.

“Baibulo lili m'thumba la jekete. Mabuku ndikabwereka kwa anzanga kumeneko. Nanga chalimbana wa ku Chamama ndikabwereka kwa yani?”

Chikwama chinakwera pa sikelo. 23. Mayi aja anamata mapepala awo, zikwama n'kumalowa kuseri chimodzichimodzi. Asisi anakonza mwana kumsana, n'kupita pa kauntala paja, manja pamodzi. Ndinawamva akuti, “Pepani mayi, ndi mlongo wanga, mtima wake ndi wabwino koma umafulumira.” Ndikanatha kupita ndekha. Ndinawasiya dala, chifukwa ndinadziwa kuti papita zaka zinayi ndisanawamvenso akunena zimenezo.

Alamu anandikokera pambali, ine mabuku ali m'manja mpaka m'chibwano.

“Alamu, zinthu ziwiri. Sikelo ija mupite nayo kwa a Yusufu, amadziwa kukonza. Zitsalire pakati pa inu ndi amene munawagula mbewu.” Anapuma kaye. “Chachiwiri, ndinalakwa. Nkhani ya ulendowu munayenera kuimva kwa ine, pakhomo panu, titakhala pansi. Katatu ndinafika mpaka pa chigafa chanu. Ndinkakumvani mukulankhula nokha m'katimo, ndiye ndinkabwerera. Ndinkakuopani.”

Ndiye kuti mawu anga aja anali atawamva kale, mwina ndi mwambi womwe. Ndinawafunafuna m'mutu kuti ndiwanenebe, poti ndinawavutikira, koma munalibe kanthu. Munthu umamulalatira bwanji atakusenzetsa chuma chake chonse?

(Sikelo ndinapita nayo kwa a Yusufu mlungu womwewo. Anaikonza osandifunsa funso, zimene zinandikwiyitsanso. Wokonza mtima ndiye sindinamupeze. Dzana lomweli ndakangana ndi wa minibasi.)

Anaitana za ndege yawo. Tadala anandikumbatira mwendo, asisi anandigwira tsaya ngati ndidakali wa zaka zisanu ndi zinayi, n'kutembenuka msanga. Alamu anatambasula dzanja, koma anga onse anali ogwira. Ndinayang'ana buku la pamwamba. Linali la Chingerezi, lonenepa ngati Baibulo la paguwa, ndipo pamene linatseguka pakona ndinaona zilembo zing'onozing'ono ngati mbewu ya fodya. Anali atayamba kale kuyenda pamene ndinawaitana, mokweza, mpaka mlonda uja anatembenukanso.

“Alamu! Mabuku anuwa ndiyamba kuwawerenga lero. Mukudziwa kuti ine kuwerenga kwanga n'kwa pang'onopang'ono, ndiye nthawi muli nayo. Koma ndikadzafika tsamba lomaliza asisi anga musanawabweretse, ndikubwera konko, ndipo sindikubwera kudzapemphera.”