Chilole cha a Kopolo

Alamu anga a Kopolo ankapeza vuto tsiku lililonse. Kukacha, usanasukusule n'komwe, unkangomva mawu kuchokera pansi pa chilole: "Vuto ndalipeza!" Mawa lake ankapeza lina. Anthu a mumsewu mwathu akakumbukira mawu amenewa amaseka mpaka misozi, ati anali munthu wosangalatsa. Kuseka n'kosavuta ngati chilolecho sichinatseke njira yako.

Ndiyambe ndi kuwongola bodza limodzi. Bambo amenewa usilikali sanaulaweko. Moyo wawo wonse anali wometa tsitsi, ndipo chitsulo chachikulu chimene anagwirapo chinali lumo. Ukopolo anawapatsa ndi anthu tsiku limene anabwera ndi chilole chakale cha asilikali, chobiriwira, matayala ofika m'chifuwa, chimene anagula pa okushoni atapuma pantchito. Sichinabwere chokha ayi, chinachita kukokedwa ndi thirakitala.

Tsono ife timakhala pa malo amodzi. Nyumba ya achemwali anga, amene anakwatiwa ndi a Kopolowo, ili kutsogolo, ine ndi shedi yanga ya ukalipentala tili kumbuyo. Pakati pa nyumba yawo ndi mpanda wa njerwa wa aneba pali mpata umodzi wokha, wolowera matabwa, wotulukira makabati ndi mabedi. Chakudya changa chimadutsa pamenepo. Wa thirakitala anamasula tcheni pakamwa penipeni pa mpatawo.

"Alamu, apatu ndi panjira," ndinatero.

"Ndi lero lokha, alamu. Mawa ndichiliza n'kuchisuntha."

"Munakonzapo galimoto inu?"

"Galimoto ili ngati mutu wa munthu. Ukauzungulira bwino, umadziwa poyambira."

Mawa lake anabwera ndi batire limodzi la galimoto yaing'ono. Atapotokola kiyi, chilole chinangoti the! n'kukhala chete. Aliyense wa maso akanaona kuti m'bokosi la mabatire muli malo a awiri, nthambo zili lendee kudikira linzake. A Kopolo anati malo enawo ndi osungiramo kamba wa asilikali. Vuto analipeza mu sitata. Anaimasula n'kukaiyala pa tebulo lodyera la achemwali, foni ataitsamiritsa ku botolo, akuonera munthu wina wa kunja akukonza makina otchetchera udzu. Poibwezera panatsala mabawuti odzaza dzanja.

"Nanga awa?" ndinafunsa.

"Osungira amenewo. Asilikali amaika ochuluka dala, kuopera kunkhondo."

Batire lachiwiri anagula mvula itatha, ndipo anazungulira msewu wonse kulengeza nzeru zimenezi ngati azitulukira okha.

Nthawi yonseyi makabati anga ankatuluka chopendeka pakati pa chilole ndi khoma, n'kukafika kwa eniake atakalika ngati alimbana ndi mphaka. Bedi lalikulu la aphunzitsi ena linakana kudutsa. Tinalikweza pamwamba pa chilole, linatsetsereka, mwendo thyo! Aphunzitsiwo anapita kwa kalipentala wina, ndipo sanaiwale kuuzako anzawo. Ndinakadandaula kwa achemwali mtima ukuwira.

"Achimwene, asiyeni," anatero akupukuta girizi pa tebulo lawo. "Bola azikhala pansi pa chilolecho kusiyana n'kumaswera kumowa."

Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo wangayu anachita kukwatira mkhatewo.

Kenako injini inayamba kutembenuka koma osalira. Vuto analipeza mu dizilo, ati m'mapayipi mwalowa mpweya. Apa mwina ankanena zoona, koma mankhwala ake ndiwo anali a misala: analowetsa payipi mkamwa n'kuyamba kuyamwa. Dizilo anabwera yense nthawi imodzi. Anatsokomola mpaka maso psuu, ndipo kwa masiku angapo akageya ntchentche zinkasamuka. Achemwali anawaletsa kuyandikira kukhitchini kuopa ngozi ya moto.

"Alamu, chigulitseni kwa a zitsulo musanafe," ndinawalangiza.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, alamu."

"Nkhonoyo imayendako pang'ono. Ichi chayendapo?"

Tsiku limene injini inalira, ndinali nditangomaliza kupaka vanishi kabati ya akwati. Utsi unangoti tolo, wakuda bii, wonse kulowa m'shedi n'kukakamira pa vanishi wamuwisi. A Kopolo ankavina pa boneti, aneba akuwomba m'manja, ine ndikuyang'ana kabati imene inkaoneka ngati yapulumuka m'nyumba yopsa.

Koma kulira si kuyenda. Ankaponda klatchi, kulowetsa giya, kusiya klatchi, injini n'kumangobangula, matayala ali duu. Vuto analipeza mu klatchi, anaimasula. Analipeza m'bokosi la magiya, analitsegula. Mabawuti osungira anadzaza ndowa. Pambali pa ndodo ya giya panali kandodo kena kakafupi, kamene iwo ankati n'kokolekapo chipewa, ndipo ankakolekapodi. Pambuyo pake ndinamva kuti malole a m'tchire amakhala nako kotumizira mphamvu ku matayala, ndipo kakakhala pakati, ngakhale uponde mafuta mpaka mwendo utupe, galimoto siisuntha. Kawo kanali pakati chichokereni ku okushoni.

M'mawa wina matabwa anga anabwera, wa ngolo n'kuwatsitsira pamsewu poti analibe polowera. Zinandikwana. Ndinakwera chilole chikubangula kuti ndiwatulutse a Kopolo ndi kolala.

"Lero muchotsa chinthu chimenechi, apo ayi ndichiyatsa moto!"

"Khalani pansi alamu, mumvere kulira kwake. Ndikuganiza kuti vuto..."

Sanamalize. Podziponya pampando, bondo langa linagunda kandodo kaja. Kanati khutchu, chipewa chinagwa, ndipo chilole chinadumpha.

"Mabuleki! Pondani mabuleki!"

Anaponda, phazi linangofika pansi. Payipi ija ankayamwira dizilo anali ataidula ku mabuleki, poti inkaoneka yopanda ntchito. Chilole chinalowa mumpata chikukhula makoma mbali zonse, mpaka msana wake unakakodwa pansi pa denga la nyumba ya achemwali, injini n'kuzima. Zitseko sizikanatseguka. Tinatulukira pa chibowo cha pamwamba chimene asilikali amasuzumirira, ine patsogolo, iwo pambuyo akundikoka thalauza.

"Chayenda, alamu! Mwaona? Vuto ndalipeza!"

Ndikanakhala ndi nyundo m'manja, bwenzi nkhaniyi ndikukusimbirani ndili kundende.

Kuyambira pamenepo mpata unatsekeka gwa. Kukoka chilole kukanagwetsa denga, choncho chinakhala. Kwanga tinkapita chokwawa, kudutsa pansi pake, mawondo akuda ndi oyilo. Ine kalipentala wa makabati ndinasanduka wokhoma timipando, poti ndi tokha tinkakwana pakati pa matayala. Alamu anga ndinasiya kuwayankhula. Akati "Mwadzuka bwanji alamu?" ndinkayankha ndi macheka.

A Kopolo atadwala, achemwali anabwera kudzandiitana. Ndinapita nkhope ili ndwii. Ndinawapeza ataonda, manja ali mbuu, opanda girizi kwa nthawi yoyamba chibwerereni chilole.

"Alamu," ananong'ona, "ndalipeza. Muphwetse matayala onse. Chikatsika, chimasuka kudenga."

"Gonani, alamu. Mavuto mwapeza okwanira."

Sabata isanathe anatisiya. Anthu olira analibe podutsa, ndiye achemwali anaitanitsa thirakitala. Mwini wake anayang'ana denga n'kupukusa mutu. Ndinagwada ndekha n'kuphwetsa matayala, limodzi ndi limodzi. Chilole chinatsika, denga linamasuka, ndipo chinatuluka chobwerera osagwetsa ngakhale msomali. Kamodzi kokha pa moyo wawo bambo aja analipezadi vuto, ndipo ine sindinawauze kuti akunena zanzeru.

Lero mpata uli pululu. Matabwa amalowa, makabati amatuluka choimirira, makasitomala anabwerera. M'mawa kumakhala zii, palibe wogogoda chitsulo, palibe woti ndimukalipire, ndipo chetechete ameneyu amandinyansa kuposa utsi uja. Achemwali amadyera pa tebulo loyera ali okha. Ine ndimawasowa alamu anga, ndipo zimandipsetsa mtima kuti ndimawasowa.

Mpata umenewu ndinaulirira zaka zonse zija, koma walira mvula walira matope. Chinthu choyamba kutuluka m'shedi mwanga osachipendeketsa, osachikweza pamwamba, osakhula khoma, chinali bokosi lawo. Ndinalikhoma ndekha ndi matabwa aja anatsitsidwira pamsewu. Linadutsa bwinobwino, malo n'kutsalako mbali zonse.